Nkhuni zoperewera muyezo ndi mlandu ku America ndi ku England, imvani mmene zimayendera

Munthu ukamva koyamba kuti ku America, ku Canada ngakhale ku England kuli malamulo olembedwa a mmene nkhuni ziyenera kuyezedwera, komanso kuti wogulitsa akhoza kulipitsidwa chindapusa chifukwa cha mawu amene walemba pa kathumba ka nkhuni, umayamba waganiza kuti mwina boma lasowa chochita. Nkhuni zomwezi zoti mawa zikhala phulusa? Koma ukakhalako nyengo imodzi yozizira kumpoto kwa America uko, kumadera ngati Maine, Vermont, Minnesota kapena kumtunda kwa New York, maganizo amasintha msanga, chifukwa kumeneko nkhuni si zongophikira ayi, ndi zimene zimafunditsa nyumba miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi pamene panja pali chipale chofewa ndipo madzi akuuma m'mapaipi, nde banja limene lagula nkhuni zoperewera limadzazindikira mu February, kuzizira kuli pachimake, ogulitsa ambiri zouma zawathera kale.

Ine nkhaniyi ndinaiphunzira pakhomo panga. Chaka choyamba kugula nkhuni kumeneko ndinaimbira foni bambo wina amene ndinaona nambala yake pa chikwangwani m'mbali mwa msewu, ndinamuuza kuti ndikufuna cord imodzi, umene ndi muyezo wogulitsira nkhuni kumeneko, tinagwirizana mtengo. Anabwera chakumadzulo kukuyamba kuda, anabwerera chakumbuyo ndi thiraki yake, kupendeketsa, nkhuni zonse khuthu pabwalo. Mulu wake unali waukulu zedi, wofika m'chiuno, wotambalala. Ndinamupatsa ndalama m'manja, iye anatsazika bwinobwino n'kupita. Lisiti panalibe, ndipo ine sindinafunse.

Loweruka lake ndikusanja nkhunizo m'mbali mwa mpanda, mkulu wina woyandikana naye nyumba anabwera ndi tepi yoyezera m'thumba la jekete. Sananene zambiri, anangokhoma zikhomo ziwiri motalikirana mafiti 8, n'kundiuza kuti musanje mpaka pofika mafiti 4 m'mwamba, zikuni zigone mbali imodzi, zigundane, musasiye mazenera. Zikunizo zinali zodula mainchesi 16, nde anati pafunika mizere itatu yodzaza kuti cord ikwane. Mzere woyamba unadzaza. Wachiwiri unadzaza. Wachitatu unangofika m'mawondo nkhuni n'kutha. Mkuluyo anayeza kawiri, kenako anandifunsa kuti, "Bambo, anakusiyirani kapepala?" Nditati ayi anangopukusa mutu. Pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a zimene ndinalipira silinafike pakhomo, ndipo chimene chinandiwawa kwambiri si ndalamazo ayi, koma kuti ndinali nditaimirira pompo, maso ali tong'o, ndikuona mulu n'kumathokoza.

Apa mpamene pagona nkhani yonse. Nkhuni ndi katundu woti maso amanama. Shuga umaika pa sikelo, mafuta pampu imawerenga malita, koma mulu wa nkhuni zongotayidwa theka lake ndi mphepo ndipo wogula sangadziwe chimene wagula mpaka atasanja, pamene wogulitsa wapita kalekale. Ndiye lamulo linabwera kudzanena kuti mawu amodzi akhale ndi tanthauzo limodzi, basi.

Mawu ake ndi cord. Cord imodzi ndi mulu wa nkhuni zosanjidwa bwino wokwana ma cubic feet 128, umene nthawi zambiri amaufotokoza kuti mafiti 4 m'mwamba, mafiti 4 m'lifupi, mafiti 8 m'litali. Kwa amene munazolowera mamita, ndi pafupifupi mita 1.2 ndi mita 1.2 ndi mamita 2.4, zonse pamodzi makyubiki mita 3.6. Sikuti mulu uyenera kuoneka choncho nthawi zonse ayi, mukhoza kusanja mzere umodzi wautali kapena mizere isanu yaifupi, chachikulu n'chakuti mukachulukitsa m'litali, m'lifupi ndi m'mwamba mupeze 128. Ndipo lamulo silimangosiyira pa nambala, limanenanso kasanjidwe: zikuni zikhale pa mzere, zoyang'ana mbali imodzi, zogundana, zothinana. Mawu amenewa sanaikidwe mwangozi. Munthu wochenjera akhoza kusanja mopingasapingasa ngati akumanga khola, mulu n'kuoneka wamtali wokwana bwinobwino pa tepi koma mkati muli mipata yoti mphaka n'kudutsa. Ngakhale cord yosanjidwa mwachilungamo, nkhuni zenizenizo zimakhala mwina ma cubic feet 80 kapena 90, zotsalazo ndi mipata ndi makungwa, nde tangoganizani ikakhala yosanjidwa mwachinyengo.

Tsopano pali mawu ena amene ogulitsa amawakonda kwambiri amene lamulo linawakana. Face cord, rack, pile, truckload ndi ena otere. Tiyeni tiime pa face cord pang'ono chifukwa ndi pamene anthu ambiri amagwera. Face cord ndi mzere umodzi, mafiti 8 m'litali ndi mafiti 4 m'mwamba, ukauyang'ana kutsogolo umaoneka chimodzimodzi ndi cord yathunthu, nkhope yake ndi yomweyo. Koma kuya kwake kumangotengera utali wa zikuni. Zikakhala za mainchesi 16 ndiye kuti ndi gawo limodzi mwa magawo atatu a cord. Zikakhala za mainchesi 12 ndi kota chabe. Za mainchesi 24 ndi theka. Mawu amodzi, miyezo itatu yosiyana, ndipo wogulitsa aliyense akhoza kulumbira kuti sananame. Munthu wosadziwa akaona mtengo wotsika pa intaneti, n'kuona mawu oti cord penapake pa uthengawo, amathamangira poganiza kuti wapeza zotchipa pamene akulipira kuposa mnzake amene wagula cord yeniyeni. Za truckload ndiye musanene, thiraki yake iti? Pikiapu wamba ija, ngakhale mutasanja bwino mpaka m'milomo, nthawi zambiri imanyamula theka la cord kapena kucheperapo, nde munthu akakuuzani kuti ndakubweretserani cord yonse pa pikiapu yaing'ono, zongoponyamo, yambani mwakayika.

Malamulowa amachokera kuti? Ku America kuli bungwe la boma lotchedwa National Institute of Standards and Technology, mwachidule NIST, limene limasindikiza buku lotchedwa Handbook 130. M'bukumo muli malamulo achitsanzo a mmene katundu wosiyanasiyana ayenera kugulitsidwira, ndipo nkhuni zili ndi ndime yakeyake. Amene amagwirizana zolembamo ndi akuluakulu oona za miyezo ndi masikelo ochokera m'zigawo zonse za dzikolo, msonkhano wawo unayamba kale mu 1905. Koma chofunika kumvetsa n'chakuti bukuli palokha si lamulo. Chigawo chilichonse, zija amati state, chimasankha chokha kulitenga lonse, kutengako zina kapena kulemba zakezake, n'chifukwa chake chilango cha mlandu womwewo chimasiyana ukangowoloka malire. Ku Maine mwachitsanzo anavomereza kuti anthu ambiri amagula nkhuni zongoponya m'thiraki, nde anaika muyezo wake wa zoterozo: zikakhala zikuni za mainchesi 12 kapena 16, cord yongoponya iyenera kukhala ma cubic feet 180, zikakhala za mainchesi 24 ndi 195. Kusiyana kwa 128 ndi 180 kumeneko ndiye mphepo ija ndimanena, boma linachita kuiwerengera.

Chinthu chachiwiri chimene Handbook 130 imafuna ndi kapepala kaja mkulu uja anandifunsa. Nkhuni zosapakira zikamaperekedwa, wogulitsa ayenera kusiya lisiti kapena tikiti yosonyeza dzina lake ndi adiresi, dzina la wogula ndi adiresi, tsiku, kuchuluka kwa nkhuni zimene wabweretsa, mtengo wake, ndi mtundu wa nkhunizo pamodzi ndi chilichonse chimene walonjeza pa ubwino wake. Anthu amaona ngati ndi mwambo chabe koma kapepala kameneka ndi kamene kamasandutsa kukangana kwa pabwalo kukhala mlandu woti ofesi ingaugwire. Popanda iko zimangokhala ine ndinati, iye anati.

Za mtundu wa mitengo nazonso si zocheza. Oak, hickory, maple ndi mitengo yolimba, yolemera, imayaka pang'onopang'ono n'kusiya makala oti afika m'mawa, pamene paini ndi ina yopepuka imangoti lawilawi kanthawi kochepa n'kutha. Cord ya oak ndi cord ya paini pa tepi n'zofanana koma kutentha kumene zimapereka n'kosiyana kutalitali, ndipo mtengo wogulira umasiyananso. Nde wina akhoza kuyala oak pamwamba, pansi n'kudzaza zopepuka, n'kumati zonse ndi zolimba. Lamulo lachitsanzo lija limati ngati watchula mitundu, monga kunena kuti theka ndi hickory theka ndi zofewa zosakaniza, manambala akowo asaphonye kupitirira 10 peresenti.

Timitolo tating'ono tija amagulitsa m'masitolo ndi pomwetsera mafuta galimoto, tokulunga mu pulasitiki kapena mu kaukonde, nato tili ndi malamulo ake. Pa lebulo payenera kulembedwa kuti ndi chiyani, wapakira ndani ndipo ali kuti, komanso kuchuluka kwake m'malita kapena ma cubic feet, osati kungoti mtolo umodzi. Tambiri timakhala ta 0.75 cubic feet, kutanthauza kuti pamafunika timitolo pafupifupi 170 kuti cord ikwane. Apa kuba kwake kumakhala kwa kachetechete, kampani ikangochotsa chikuni chimodzi pa kamtolo kalikonse palibe kasitomala angadandaule, koma pa timitolo masauzande ndi ndalama zambiri. Ma inisipekita ali ndi buku lina, Handbook 133, lofotokoza mmene angayezere katundu wopakira, nkhuni zomwe, amatenga timitolo tingapo pa mulu wa m'sitolo, kuyeza, akapeza kuti pa avereji n'toperewera mulu wonsewo umachotsedwa pa malonda.

Nde chilango chenicheni ndi chotani? Chimayenda ngati makwerero. Poyamba penipeni, wogula akadandaula ku ofesi ya miyezo ya m'chigawo kapena ya m'kaunti (kadera ka mkati mwa chigawo), inisipekita amabwera ndi tepi yake kudzayeza mulu wosanjidwa uja, akapeza kuti ndi woperewera nthawi zambiri amayamba wamuimbira wogulitsa kuti akawonjezere zotsalazo kapena abweze ndalama, n'kumupatsa chenjezo lolemba. Milandu yambiri imathera pamenepa ndipo ine ndimaona kuti n'zabwino, chifukwa ogulitsa nkhuni ambiri si makampani akuluakulu ayi, ndi munthu mmodzi ndi makina ake odulira ndi thiraki yakale, ena amalakwitsa chifukwa bambo awo ankagulitsa pa face cord iwonso anangotengera. Khwerero lachiwiri ndi kuletsa malonda. Inisipekita ali ndi mphamvu yoika chiletso pa katundu amene lebulo yake ndi yolakwika kapena muyezo wake ndi woperewera, ndipo katunduyo sagulitsidwa mpaka atakonzedwa. Kwa kampani yopakira timitolo chimenechi chimapweteka kuposa chindapusa, chifukwa ndiye kuti kukatenga katundu yense m'masitolo, kumasula, kupakiranso, kusindikiza malebulo ena, nyengo yogulitsa ikudutsa.

Kenako pamabwera chindapusa cha ndalama chimene ofesi imatha kulamula popanda kupita kukhoti lalikulu. Handbook 130 siinaike nambala, inasiyira chigawo chilichonse kuti chiike chokha, ndipo kawirikawiri chimakwera munthu akabwereza kachiwiri ndi kachitatu. Ku California mwachitsanzo, lamulo lawo la zamalonda limanena poyera kuti kugulitsa katundu wochepa kuposa amene wanena ndi mlandu wa gulu la milandu yocheperako lija amati misdemeanor, ndipo mkulu woona za miyezo m'kaunti akhoza kulipitsa mpaka madola 1,000 pa kulakwa kulikonse. Mawu oti kulikonse amenewo muwamve bwino, munthu amene wanyenga makasitomala khumi sakuyang'anizana ndi chindapusa chimodzi. Pamwamba penipeni pali khoti, kwa uja wochita dala mobwerezabwereza, ndipo pamenepo nkhani imasiya kukhala ya tepi, imasanduka ya chinyengo pa malonda, woweruza akhoza kulamula kubweza ndalama kwa onse obedwa, chindapusa chokulirapo, ngakhale kundende kumene malamulo a chigawocho akulola.

Koma ndinene chilungamo, pa pepala zimaoneka zamphamvu kuposa mmene zilili pabwalo. Ma inisipekita omwewo ndi amene amayendera mapampu a mafuta, masikelo a m'mabutchala, makina owerengera mitengo m'masitolo, nde sangamayendere munthu aliyense wogulitsa nkhuni kumudzi, amadikira dandaulo. Ndipo dandaulo la nkhuni limafa msanga, chifukwa umboni wake umayaka. Munthu wazizidwa, wayamba kusonkha tsiku lomwelo, pofika sabata yamawa pamene akuzindikira kuti mulu ukutha msanga palibenso choti inisipekita ayeze. N'chifukwa chake maofesi amenewa amabwereza uthenga umodzimodzi chaka ndi chaka: sanjani msanga, yezani, jambulani chithunzi, musawotche ngakhale chikuni chimodzi ngati mukuona kuti zaperewera, lembani nambala ya galimoto. Amene amavutika kwambiri ndi okalamba okhala okha, oti sangathe kusanja cord yonse tsiku limodzi, ndi alendo ongofika kumene osadziwa kusiyana kwa mawuwa. Amenewa ndi amene lamulo linalembedwera koma ndi omwenso sadandaula kawirikawiri.

Tsono muyezo ndi mbali imodzi chabe. Mbali ina imene yakula zaka zapitazi ndi ya zimene lebulo ikunena pa kuuma kwa nkhuni. Mtengo wongodula kumene pafupifupi theka la kulemera kwake ndi madzi. Kuti uyake bwino chinyezi chiyenera kutsika kufika pa 20 peresenti kapena kucheperapo, ndipo zimenezi zimatenga miyezi yambiri zitawazidwa n'kusanjidwa pamphepo, oak ndiye amatha chaka kapena ziwiri. Apa mpamene mungamvetsenso chifukwa chake nkhuni sazikonda kugulitsa pa sikelo: zaziwisi ndi zimene zimalemera kwambiri, nde wogula akanamalipira madzi. Nkhuni yaiwisi ukaiika pamoto imalira tsiii, kumapeto kwake kukutuluka thovu, utsi tolotolo, kutentha kochepa chifukwa moto ukulimbana ndi kuphwetsa madzi. Utsi umenewo ukamakwera umasiya phula lakuda m'chumuni, limene likachuluka limagwira moto lokha, nyumba zimapsa ndithu ndi zimenezi. Wogulitsa akalemba kuti zouma pamene anadula mwezi watha, sanangokuberani ndalama, wakuikirani ngozi padenga.

Ku England ndi kumene anaigwira nkhaniyi mwamphamvu, ngakhale kuti chimene chinawakankha kwambiri ndi utsi wowononga mpweya m'matauni. Malamulo amene anakhazikitsa mu 2020 anayamba kugwira ntchito pa 1 May 2021, ogulitsa ang'onoang'ono anapatsidwa chaka china chokonzekera mpaka May 2022. Amati nkhuni zogulitsa zosakwana makyubiki mita 2 ziyenera kukhala ndi chinyezi cha 20 peresenti kapena kutsika, zikhale zovomerezeka pansi pa ndondomeko yotchedwa Ready to Burn imene imayendetsedwa ndi bungwe la Woodsure, ndipo pa thumba pakhale chizindikiro chake, dzina la kampani ndi nambala ya satifiketi. Wogulitsa zambiri kuposa makyubiki mita 2 akhoza kugulitsa zaziwisi koma ayenera kupereka kapepala kofotokoza kuti zisawotchedwe mpaka zitauma ndi mmene angaziumitsire. Oyang'anira ndi makhonsolo, ndipo wolakwa akhoza kupatsidwa chindapusa cha mapaundi 300 pompo, kapena chokulirapo nkhani ikafika kukhoti. Chimene chimandisangalatsa pa lamulo limeneli n'chakuti linachotsa mkangano pa mawu. Kale wina ankati zouma, wina n'kuti sizinaume, aliyense ndi maganizo ake. Pano pali nambala, ndipo kachipangizo koyezera chinyezi n'kotchipa, kamakwana m'dzanja, uwaza chikuni pakati, kubaya timano take tiwiri pa mbali yongowazayo, nambala n'kuoneka.

Ndiye pali nkhani ya tizilombo, imene kwa ine ndi yolemera kuposa zonsezi chifukwa wovulala si wogula yekha. Mu 2002 pafupi ndi Detroit ku Michigan anapeza kachikumbu kobiriwira konyezimira kochokera ku Asia, kotchedwa emerald ash borer, kamene akukhulupirira kuti kanalowa m'dzikomo kudzera m'matabwa opakirira katundu. Kachikumbuko kamaikira mazira pa khungwa la mtengo wa ash, mphutsi zake zimalowa mkati n'kumadya pansi pa khungwa mokhotakhota mpaka njira za madzi ndi chakudya za mtengowo zitaduka, pakapita zaka zochepa mtengo wauma chiimire. Kapha mitengo mamiliyoni ambirimbiri ku America ndi ku Canada, misewu yathunthu imene inali ya mthunzi inatsala mbee. Pakokha kamauluka mtunda wochepa pa chaka, koma kakakwera galimoto mkati mwa chikuni cha munthu wopita kokagona kutchire kumapeto a sabata kamayenda makilomita mazana tsiku limodzi. Kunja chikunicho chimaoneka chabwinobwino, mwina kabowo kakang'ono kooneka ngati chilembo cha D basi. Palinso chikumbu china, Asian longhorned beetle, chimene chinapezeka ku Brooklyn mu 1996 ndi ku Worcester, Massachusetts mu 2008, kumene anachita kugwetsa mitengo masauzande ambiri ya m'tauni pofuna kuchithetsa.

Chifukwa cha zimenezi lebulo ya nkhuni inasenza ntchito ina, yonena kumene zachokera ndi ngati zinatenthedwa kupha tizilombo. Ku New York lamulo limaletsa kulowetsa m'chigawomo nkhuni zosatenthedwa kuchokera kwina kulikonse, ndipo zodulidwa momwemo sizingayende kupitirira mamailosi 50, pafupifupi makilomita 80, kuchoka pamene zachokera. Kuti ziloledwe kuyenda paliponse ziyenera kuikidwa mu uvuni mpaka pakati penipeni pa chikuni patenthe madigiri Celsius 71 kwa mphindi 75, kenako n'kulembedwa kuti zatenthedwa movomerezeka, ndi dzina ndi adiresi ya amene wachita. Wogulitsa zosatenthedwa ayenera kuonetsa kumene zachokera pa lebulo kapena pa lisiti. Wophwanya akhoza kulandidwa nkhunizo, kulipira chindapusa cha madola mazana angapo, ngakhale kukhala m'ndende masiku ochepa. Maine nayonso inaletsa nkhuni zosatenthedwa zochokera kunja kwa chigawo, ndipo m'malo ambiri osungirako zachilengedwe akakupeza nazo pageti amakulanda. Ineyo ndimaona kuti pa milandu yonse ya nkhuni, kunama pa lebulo ya mtundu uwu ndi kumene chilango chake chimachepa poyerekeza ndi zowonongeka. Woperewera muyezo wabera banja limodzi ndipo akhoza kubweza mawa. Wolemba kuti zatenthedwa pamene sizinalowe mu uvuni akhoza kubweretsa kachilombo m'nkhalango imene inatenga zaka 100 kuti ikule, madola mazana angapo sangadzalenso zimenezo. Onaninso kuti mawu oti zoumitsidwa mu uvuni ndi oti zatenthedwa movomerezeka si amodzi, nkhuni zikhoza kuuma bwino koma osafika pa kutentha ndi nthawi imene lamulo likufuna, ndipo ogulitsa ena amasewera pakati pa mawu awiriwa.

Kwina nako vuto ndi lomweli, mayina okha ndi amene amasintha. Ku Canada bungwe la Measurement Canada limavomereza cord ndi kyubiki mita yosanjidwa koma limanena kuti face cord, stove cord ndi furnace cord si miyezo yalamulo, ngakhale anthu akumidzi akuigwiritsabe ntchito tsiku ndi tsiku. Ku France kuli muyezo wakale wotchedwa stère, kyubiki mita imodzi ya zipika za mita imodzi zosanjidwa, umene unasiya kukhala wovomerezeka kuyambira 1978 koma mpaka lero ndi umene uli pakamwa pa aliyense. Vuto lake n'lochititsa chidwi: zipika zomwezo ukazidula pakati kukhala za masentimita 50 zimakhalirana bwino n'kungotenga malo a 0.8 kyubiki mita, ukadula za masentimita 33 zimatsikira pa 0.7. Nkhuni sizinachoke ngakhale pang'ono, yachoka ndi mipata. Nde apa wogula akhoza kumunamizira wogulitsa wachilungamo kuti wamubera pamene sanabe, kapena wogulitsa wachinyengo n'kubisala kumbuyo kwa masamu omwewa. N'chifukwa chake pogwirizana mtengo funso la utali wa zikuni liyenera kubwera limodzi ndi funso la muyezo, ndipo zonse ziwiri zilembedwe.

Bambo uja wa thiraki ndinamuimbira Lolemba lake, ndinamuuza manambala amene tinapeza, modekha, n'kumupempha kuti abwere adzaone yekha mizere ija popeza ndinali ndisanawotcheko. Poyamba anati thiraki yake imanyamula cord nthawi zonse, palibe anadandaulapo. Nditatchula kuti ndikhoza kupempha a ofesi ya miyezo kuti adzayeze tonse tilipo, anakhala chete kanthawi, n'kunena kuti adutsa Lachitatu. Anabweradi, anayang'ana mzere wachitatu uja, sanatulutse tepi n'komwe, anatsitsa nkhuni zina tinasanja limodzi mpaka zinafika pa chikhomo cha mafiti 4. Ndisanatsegule pakamwa anapita m'galimoto, anang'amba pepala m'kabuku, n'kulemba dzina lake, tsiku, ndi mawu oti cord imodzi, ma cubic feet 128.